Akabwera kudzapempha thandizo la kampeni masiku otsiriza

Ife ogulitsa mbatatesi ku Ulónguè, ku Mozambique, andale amatikumbukira sabata yomaliza ya kampeni, mafuta akatha m'magalimoto a chipani. Kuyambira 2019 bwanamkubwa wa chigawo cha Tete sasankhidwanso ndi Pulezidenti, amatuluka pa mavoti a Assembleia Provincial (nyumba ya aphungu a chigawo), ndiye opempha achuluka. Ine sindikana kupereka, koma ndili ndi njira yanga.

Yambani mwayang'ana kalendala. Kampeni imatsekedwa kutatsala maola 48 kuti anthu avote. Mu 2024 inayamba pa 24 Ogasiti n'kutha pa 6 Okutobala, mavoti pa 9. Munthu akakupezani itatsekedwa kale n'kumati "achimwene, tithandizeni lole yonyamula anthu kumsonkhano", mufunseni kuti msonkhano wake uti. Ndalama yopemphedwa masiku amenewo ikhoza kuthera m'manja mwa ovota, ndipo kugula voti ndi mlandu.

Kenako onani mwini wake wa chimene mukuperekacho. Lamulo la zisankho limaletsa thandizo lochokera ku maboma akunja ndiponso ku makampani a boma. Katundu wa boma sagwiranso ntchito ya kampeni. Ngati mlamu wanu amayendetsa galimoto ya ofesi, musamupemphe kuti akatule zitenje za chipani ku Dómuè, ngakhale akhale akupita komweko. Ntchito ingamuthere chifukwa cha inu.

Apa ndiye pamene ambiri amazembapo: kulemba. Perekani kwa msungichuma wa chipani, osati kwa mnyamata wa njinga yamoto amene watumidwa. Lisiti likhale ndi tsiku, kuchuluka kwa mametikali, dzina la wolandira ndi siginecha yake. Mukatumiza pa M-Pesa kapena e-Mola, uthengawo musafufute. Zomwe si ndalama zilembedwenso, kaya malita a dizilo, matumba a chimanga, kaya tsiku limene lole yanu yagwira ntchito ulere, ndipo muike mtengo wake wa pamsika tsikulo. Chifukwa chake n'chakuti chipani chimayenera kupereka malipoti a ndalama ku CNE, bungwe loyendetsa zisankho, pasanathe masiku 60 zotsatira zitalengezedwa, ndipo msungichuma wopanda mapepala amangolemba za m'mutu. Dzina lanu likhoza kupezeka pa ndalama imene simunaione n'komwe.

Kwina amakhwimitsa kuposa apa. Ku California, ku America, thandizo la madola 1,000 kapena kuposa likaperekedwa m'masiku 90 omaliza, liyenera kuululidwa pasanathe maola 24, kuti ovota adziwe amene akudyetsa munthu wawoyo asanaponye voti. Ine ndimaona kuti n'zanzeru, ndipo ndinadziikira malire anga: ndimapereka kampeni ikangoyamba, kamodzi, ndalama yoti singakhudze feteleza wa Novembala. Wobwera sabata yomaliza ndimamuonetsa lisiti lija, n'kumupatsa mpando ndi thobwa.