Kuphunzira Chimohawk kapena Chicayuga pa dipuloma: zoyenera kudziwa musanalembetse

Malo odziwika bwino ophunzirirako ziyankhulo ziwirizi za eni nthaka a ku North America munthu akatsiriza sekondale ndi Six Nations Polytechnic, sukulu ya eni nthaka yomwe ili ku Ohsweken, m'dera la Six Nations of the Grand River ku Ontario, m'dziko la Canada. Pophunzitsa ziyankhulozi, sukuluyi inayamba ndi dipuloma yotchedwa Ogwehoweh Language mogwirizana ndi yunivesite ya McMaster, ndipo mu 2016 inatsegula digiri yakeyake ya zaka zitatu. Choncho musanalembe fomu iliyonse, afunseni a ku ofesi yolembera ophunzira kuti chaka chimenecho akulandira anthu pa pulogalamu iti, komanso ngati zomwe mwakhoza pa dipuloma zimawerengedwa mukafuna kupitiriza digiri.

Nthawi zambiri amafuna satifiketi ya sekondale ya ku Ontario kapena yofanana nayo, ndipo amene anasiya sukulu kalekale amalowera khomo la ophunzira achikulire. Mbadwa za Six Nations zimapempha thandizo la fizi ku Grand River Post Secondary Education Office, yomwe ili ndi masiku akeake otsekera, osiyana ndi a sukulu. Ena amagwa pomwepa: malo apeza, koma fomu ya ndalama yachedwa. Wochokera kunja kwa Canada afunika chilolezo cha boma chophunzirira, chomwe chimaperekedwa pa sukulu zokhazo zimene zili pa mndandanda wovomerezeka, ndiye yambani mwauona mndandandawo.

Mumasankha chiyankhulo chimodzi. Ziwirizi n'zapachibale, zonse ndi za anthu a Haudenosaunee, mgwirizano wa mitundu isanu ndi umodzi ya eni nthaka, koma wodziwa china samangomva chinzake. Chimohawk, chimene eni ake amati Kanyen'kéha, chimayankhulidwa ku Six Nations ndi m'madera ena a Amohawk monga Tyendinaga, Akwesasne, Kahnawà:ke ndi Kanehsatà:ke, ndipo mabuku ndi mawu ojambulidwa alipo ochulukirapo. Chicayuga, Gayogo̱hó:nǫ', chatsala makamaka ku Six Nations, ndipo amene anachiyamwa kwa amayi awo sakwana 100, ambiri mwa iwo okalamba. Si ngozi kuti zafika pamenepa. Sukulu yogonera ya Mohawk Institute ku Brantford, yomwe inatsekedwa mu 1970, inkalanga ana akayankhula chiyankhulo chakwawo. Posankha, dzifunseni kuti mukatuluka m'kalasi muzikacheza ndi ndani. Ngati agogo anu kapena miyambo imene mumapitako imayendera Chicayuga, tengani chimenecho ngakhale mabuku ake ndi ochepa.

Milungu yoyambirira imathera pa kalembedwe, ndipo musaipeputse. Chimohawk chili ndi zilembo 12 zokha: a, e, h, i, k, n, o, r, s, t, w, y. Mulibe p, b kapena m, moti munthu amayankhula milomo osaitseka. Pomwe palembedwa en kapena on, liwu limatulukira m'mphuno ndipo n simumutchula payekha. Madontho awiri amatalikitsa liwu, monga mu Shé:kon, moni wawo. Kachizindikiro ka ' si kokongoletsera, ndi kutseka kwa pakhosi, ndipo mukakasiya mwanena mawu ena. Ku Kahnawà:ke amalemba i pomwe a ku Six Nations amalemba y, n'chifukwa chake mudzaona Kanien'kéha ndi Kanyen'kéha, Niá:wen ndi Nyá:wen. Onsewo akulondola, inu tsatirani za aphunzitsi anu. Chicayuga chimalembedwa m'njira imene anakonza Reg Henry, katswiri wa chiyankhulochi: kambedza pansi pa ę ndi ǫ kakusonyeza liwu la m'mphuno, ndipo lembo lodulidwa mzere kunsi limanong'onezedwa. Ikani kiyibodi ya FirstVoices kapena Keyman pa foni ndi pa kompyuta tsiku loyamba lomwe, chifukwa mukazolowera kulemba opanda zizindikiro, katchulidwe kanunso kamapotoka.

Ntchito yeniyeni ili pa mneni. Apa wodziwa Chichewa ali ndi mwayi kuposa wodziwa Chingerezi chokha, chifukwa kwa ife si zachilendo kuti chiganizo chonse chikhale mawu amodzi, monga ndimakukonda. Tengani tsinde la Chimohawk la -nòn:we's, lonena za kukonda kapena kusangalala ndi chinthu. Kenòn:we's ndi "ndimachikonda", senòn:we's "umachikonda", ranòn:we's akunena mwamuna, yenòn:we's mkazi. Mpaka apa palibe chovuta. Koma m'Chichewa ndi- ndi -ku- mutha kuzilekanitsa, pomwe m'Chimohawk wochita ndi wochitiridwa amasungunukira mu mphatikira mmodzi: konnòn:we's "ndimakukonda", takenòn:we's "umandikonda", rinòn:we's ndikamakonda mwamuna, khenòn:we's ndikamakonda mkazi. Kon- simungamudule pakati kuti mupeze "ine" ndi "iwe". Mungomuloweza basi.

Ndiye pali "ife", yemwe kwawoko alipo wamitundu inayi. Teninòn:we's ndi iwe ndi ine awiriwiri. Yakeninòn:we's ndi ine ndi wina, iwe mulibemo. Tewanòn:we's ndi tonse pamodzi ndi iwe, yakwanòn:we's ndi ife ambiri koma iwe ayi. Mukasokoneza apa mutha kumuchotsa mlendo pa chakudya chomwe mumafuna kumuitanira. Aphatikira oterewa alipo oposa 50, ndipo aliyense amasintha maonekedwe malinga ndi chiyambi cha tsinde, chomwe chili m'magulu asanu: loyamba ndi lembo lopanda liwu, loyamba ndi a, ndi i, ndi e kapena en, ndi o kapena on. Chicayuga chimayenda chimodzimodzi, kungosiyana katchulidwe.

Njira yomwe imathandiza ndi ya ku Onkwawenna Kentyohkwa, sukulu ya akuluakulu ya ku Ohsweken komweko. Iwo amaphunzitsa kuchokera pa tsinde, ndipo aphatikira amawapatsa mitundu: ofiira a wochita, a buluu a wochitikiridwa, a pepo a munthu kuchitira munthu mnzake. Gulani zolembera za mitundu itatuyi. Tengani tsinde limodzi, muliyendetse mwa aphatikira onse ofiira mokweza mawu mpaka lizituluka lokha, kenako mupite ku gulu lina. Cholakwika chachikulu ndi kuloweza mawu athunthu ngati mndandanda wa zogula kumsika. Mawu 500 oloweza motero amakuthawani mukangofuna kusintha munthu kapena nthawi, pomwe matsinde 20 odziwa kuwavala aphatikira amakupatsani ziganizo mazanamazana. Poyesa ngati mwakhoza, pa intaneti pali Kawennón:nis, chida chosanja aneni a Chimohawk. Muzichitsegula mutayamba mwayesa nokha papepala.

Dipuloma imakupatsani galamala, kalembedwe ndi pepala lothandiza pofuna ntchito yophunzitsa kapena yomasulira, koma maola a m'kalasi paokha sakwanira kumasula lilime. N'chifukwa chake ku Onkwawenna Kentyohkwa ndi ku Ratiwennahní:rats ya ku Kahnawà:ke ophunzira amakhala m'chiyankhulo tsiku lonse, masiku asanu pamlungu, kwa zaka ziwiri. Inu a dipuloma maolawo mudziwonjezere nokha. Tcherani wailesi ya ku Six Nations ya CKRZ pa 100.3 FM. Pezani mnzanu mmodzi wa m'kalasi, mugwirizane kuti theka la ola tsiku lililonse Chingerezi n'choletsedwa. Lowezani mawu othokoza otsegulira misonkhano, Ohén:ton Karihwatéhkwen, omwe m'Chicayuga ndi Ganǫhǫ́nyǫhk, kuyambira ndi afupiafupi, popeza amabwereza aphatikira omwewo ndime ndi ndime.

Mukapita kwa achikulire odziwa chiyankhulo, musapite chimanjamanja, ndipo musayatse chojambulira musanapemphe. Zina mwa zoyankhula za m'nyumba ya miyambo sizilembedwa kapena kujambulidwa. Akakukonzani katchulidwe, bwerezani pomwepo iwo akumva, kawiri kapena katatu.

Kuti mudziwe pomwe mwafika, pemphani mayeso a kucheza pakamwa a muyeso wa ACTFL, bungwe la aphunzitsi a ziyankhulo la ku America, omwe mapulogalamu a Chimohawk amagwiritsa ntchito. Woyesa amacheza nanu n'kukuikani pa mlingo monga Novice (woyamba kumene), Intermediate (wapakati) kapena Advanced (wapamwamba). Yesedwani kumapeto kwa chaka choyamba, ndipo ngati mukadali pa Novice, chepetsani nthawi yolemba manotsi muwonjezere ya kuyankhula chaka chachiwiri chisanayambe.