Momwe mungayezere mpweya wa radon m'nyumba kuno ku Cornwall

Abale amene mwabwera kudzasamalira okalamba ku Redruth, Camborne kapena St Austell, dziwani kuti nyumba zambiri kuno zinamangidwa pamwamba pa mwala wa granite. M'mwalawu muli uranium, ngati wa ku Kayelekera uja, ndipo ndiye gwero la mpweya wa radon. Mpweyawu suoneka, sununkha. Umalowera m'ming'alu ya pansi n'kumaunjikana m'nyumba, makamaka nthawi yozizira tikatseka mawindo. Kupatula fodya, ndiwo umayambitsa kwambiri khansa ya m'mapapo, ndipo kwa osuta ngoziyo imakula zedi.

Yambani ndi kuona mapu a dera lanu pa ukradon.org. Mapu sangakuuzeni za nyumba yanu yeniyeniyo, chifukwa nyumba ziwiri zogundizana zimatha kusiyana kutali. Ndiye itanitsani zoyezera pomwepo, kwa a UKHSA, bungwe la boma loteteza umoyo wa anthu kuno ku Britain. Ine ndinalipira mapaundi 50 ndi kanthu pamwamba, kuphatikizapo kuwerenga zotsatira. Ngati mukuchita lendi, yambani mwafunsa alandilodi, mwina anayezetsa kale kapena angalipire okha.

Chenjerani ndi ogogoda pakhomo. Wina anandiuza kuti ayeza masiku awiri okha, ndipo asanayeze n'komwe anali atanditchulira kale mtengo wa fani yotulutsira mpweyawu panja. Radon amakwera n'kutsika tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake muyeso wodalirika ndi wa miyezi 3.

Mu envelopu mumabwera timapulasitiki tiwiri tating'ono, kena ka pabalaza, kena ka kuchipinda chogona. Apa ndi pamene ine zinandivuta. Ka kuchipinda ndinakaika pawindo, pamwamba pa hita, poganiza kuti ndi pamene mpweya umadutsa. Kwathu tinazolowera kutsegula mawindo kukangocha, ndiye kankangowombedwa ndi mphepo yakunja m'mawa uliwonse. Kenako mwana wanga wamng'ono anakatola n'kukaponya m'chikwama cha kusukulu, ndipo kanayenda naye milungu iwiri ine osadziwa. Nditawafotokozera a UKHSA zimenezi anandiuza kuti zotsatirazo n'zosadalirika. Miyezi 3 inapita pachabe, ndalama nazo, ine ndili ndi nkhawa kuti ana akupuma zotani usiku. Ulendo wachiwiri ndinakaika pamwamba pa wodiropu, kutali ndi windo, hita komanso dzuwa, poti mwana safikira. Musakatsekere m'kabati kapena m'dirowa, musakatsegule, ndipo kaikeni tsiku lomwe kafika. Lembani deti papepala lobwera nato lija, ndipo muuze aliyense m'nyumbamo kuti asakhudze timapulasitikito. Mukatero khalani monga mwa masiku onse, osayamba kutsegula mawindo dala.

Miyezi 3 ikakwana, tumizani tonse tiwiri msanga pa positi, kalata ya zotsatira ibwera. Nyumba za ku Britain zimakhala ndi ma Bq (muyeso wa kuchuluka kwa radon) pafupifupi 20 pa kiyubiki mita tikaphatikiza zonse n'kugawa. Ikafika 200 m'pofunika kuchitapo kanthu, cholinga n'chakuti itsike pansi pa 100. Kwathu inadutsa 200, ndipo alandilodi anaikitsa paipi ndi fani yokoka mpweya pansi pa simenti n'kuutulutsa panja. Anu akakana, pitani ndi kalatayo ku khonsolo, ku ofesi yoona zaumoyo. Akamaliza kukonza, yezaninso.