Mmene mungayanjanitsire abale okankhirana udindo wosamalira mayi okalamba

Funso ndi la ana amene akulozana zala kuno ku Mzuzu: asunge mayi ndani, apereke ndalama ndani.

Musanayambe, pezani mkhalapakati amene onse akumuvomereza, kaya abusa, amalume kapena mfumu ya m'dera lanu. Tengani buku la kuchipatala la mayi ndi kope.

1. Yambani mwamva mayiwo paokha. Akufuna kukhala ku Chibavi kwa mwana wawo wamkazi kapena kubwerera kumudzi? Musawaganizire ngati khanda.

2. Mkhalapakati acheze ndi aliyense payekha, mkwiyo uphwe.

3. Kumanani pamalo osakondera mbali iliyonse. Amene ali ku Joni alowe pa WhatsApp.

4. Lembani zonse zofunika pamwezi: ufa, makala, mankhwala a BP, thiransipoti ya ku Mzuzu Central Hospital. Apa ndiye ambiri amaphonya, amangowerenga ndalama. Mlongo amene amasambitsa mayi m'mawa wa June kukuzizira, n'kuchapa mabulangete onyowa, akupereka zambiri kuposa wotumiza pa Mpamba. Ntchito yakeyo ilembedwenso, ndipo apatsidwe masiku opuma. Za puloti ndi chuma chamasiye zidikire tsiku lina.

5. Gawanani udindowo, lembani dzina ndi tsiku, aliyense asaine.

6. Pakatha mwezi, kumananinso muone zomwe zatheka.

Ngati mayi akumenyedwa kapena kunenedwa ufiti, pitani ku Victim Support Unit kupolisi. Kunena munthu ufiti ndi mlandu malinga ndi lamulo la 1911.