Momwe mungadziwire ngati nambala yaikulu ndi ya prime ndiponso gulu lake

Nambala ya prime ndi nambala yoposa 1 yomwe imagawika popanda chotsala ndi 1 ndiponso ndi iyo yokha basi. Euclid, katswiri wa masamu wachigiriki, anasonyeza zaka zoposa 2,000 zapitazo kuti nambala zoterezi zilibe malire, koma kuizindikira imodzi ikakhala yaikulu kumafuna ndondomeko. Pano tiyesa nambala 8191.

Choyamba, yang'anani dijiti yomaliza. Ikakhala 0, 2, 4, 5, 6 kapena 8, ntchito yathera pomwepo, chifukwa nambalayo imagawika ndi 2 kapena 5. Kenako phatikizani madijiti onse. Pa 8191 tikupeza 19, yomwe sigawika ndi 3, choncho nayo 8191 sigawika ndi 3.

Chachiwiri, pezani pamene muyenera kulekezera kugawa. Popeza 90 × 90 ndi 8100 ndipo 91 × 91 ndi 8281, n'zokwanira kuyesa nambala za prime 24 zokha, kuyambira 2 mpaka 89. Chifukwa chake n'chakuti nambala ikapangidwa pochulukitsa nambala ziwiri, sizingatheke kuti zonse ziwiri zipose square root yake, kutanthauza nambala yomwe mukaichulukitsa ndi iyo yomwe mumapeza nambala yomwe mukuyesayo. Palibe mwa 24 zimenezi yomwe imagawa 8191 popanda chotsala, ndipo umenewu ndi umboni wathunthu.

Chachitatu, onani maonekedwe ake, pakuti nambala ikafika madijiti mazana ambiri, kugawa imodziimodzi sikungathekenso ngakhale pa kompyuta. Nambala 8191 ndi 2^13 − 1, kutanthauza ma 2 okwana 13 ochulukitsidwa pamodzi n'kuchotsapo 1, choncho ili m'gulu lotchedwa dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France. Chenjerani pamenepa, chifukwa si nambala iliyonse ya maonekedwe amenewa yomwe ndi ya prime: 11 ndi ya prime ngati 13, koma 2^11 − 1 ndi 2047, yomwe ndi 23 × 89. Gululi lili ndi muyeso wake wa Lucas-Lehmer, womwe ndimaukonda chifukwa susiya chikayiko. Yambani ndi 4, ichulukitseni ndi iyo yomwe, chotsani 2, gawani ndi 8191 n'kusunga chotsala, ndipo bwerezani zimenezi pa chotsalacho mpaka mutachita maulendo 11, kutanthauza 13 kuchotsa 2. Chotsala chomaliza chikakhala 0, nambalayo ndi ya prime. Ntchito ya GIMPS, yofufuza nambala za prime za Mersenne pogwiritsa ntchito makompyuta a anthu odzipereka, imatsimikizira nambala zake ndi muyeso umenewu, kuphatikizapo 2^136,279,841 − 1 ya madijiti 41,024,320, yomwe Luke Durant anaipeza mu 2024.

Pomaliza, fufuzani magulu ena. Mukagawa 8191 ndi 4 patsala 3, zomwe zikutanthauza kuti siingalembedwe ngati kuphatikiza kwa masikweya awiri (nambala zochulukitsidwa ndi izo zomwe), mosiyana ndi 13 yomwe ndi 4 + 9. Ilibenso mnzake wamapasa, kutanthauza nambala ya prime yosiyana nayo ndi 2, monga zilili 11 ndi 13, chifukwa 8189 ndi 19 × 431 pomwe 8193 imagawika ndi 3. Gulu lotchedwa dzina la Sophie Germain, katswiri wa masamu wa ku France, limafuna kuti mukaichulukitsa ndi 2 n'kuwonjezera 1 mupezenso ya prime, koma apa tikupeza 16383, yomwe ndi 3 × 43 × 127.