Momwe mungapangire ma peptide otsekera hantavirus kuti asalowe m'maselo

Hantavirus amachokera ku makoswe, munthu amadwala akapuma fumbi la ndowe kapena mkodzo wawo wouma. Mtundu wa Sin Nombre womwe unadziwika mu 1993 ku America umapha pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu alionse ndipo mpaka pano mankhwala ake enieni kulibe, nde ntchito iyi si yamasewera ayi.

Choyamba dziwani pomwe kachilomboka kamalowera. Kunja kwake kuli mapuloteni awiri, Gn ndi Gc. Kamayamba kukakamira pa selo, pa mapuloteni a pakhungu la selo otchedwa beta-3 integrin kapena protocadherin-1 yomwe inadziwika mu 2018, kenako selo imakameza, asidi akachuluka mkatimo Gc imapindika nkulumikiza khungu la kachilombo ndi la selo. Peptide ndi kachidutswa kakafupi ka puloteni, ntchito yake ili ngati kiyi wothyokera mu loko, mwini kiyi weniweni akafika amapeza potseka.

Kenako sakani peptide yoyenera. Ena amagwiritsa ntchito phage display, kuyesa ma peptide mamiliyoni nthawi imodzi nkusunga okhawo omwe amata. Ena amangokopera kachigawo ka Gc yomweyo kuti kakaisokoneze ikamapindika, njira iyi ineyo ndimaikhulupilira kwambiri chifukwa inagwirapo kale ntchito pa HIV, mankhwala a enfuvirtide omwe anavomerezedwa mu 2003 ndi peptide ya ma amino acid (tizidutswa tomwe timapanga puloteni) 36.

Mukaipeza ipangeni mu labu, muiyese pa maselo ndi pseudovirus, kachilombo kofooka kovekedwa Gn ndi Gc basi. Onaninso ngati peptide yo sikupha maselo payokha. Kachilombo kenikeni kamafunika labu ya BSL-3, yotetezedwa kwambiri kuti tizilombo toopsa tisatuluke.

Apa nde pali ntchito yaikulu tsopano. Peptide ikalowa m'magazi ma enzyme amaidula msangamsanga, impso nazo zimaitaya, ndiye mukuyenera kuilimbitsa, kuipinda ikhale ngati mphete pomanga pamodzi ma amino acid awiri otchedwa cysteine, kuika ma D-amino acid omwe ma enzyme amavutika kudula, kapena kuimangirira ku kemikolo yotchedwa PEG kuti ikhalitse m'thupi. Mukasintha kalikonse bwererani mukayesenso chifukwa zimatheka kulimba koma osamatanso.

Ikapambana pamenepo imapita ku nyama, makamaka ma Syrian hamster, tinyama tonga mbewa, omwe Andes virus, mtundu wina wa hantavirus, imawadwalitsa mapapo mofanana ndi anthu. Poyesapo musangopereka nyama isanatenge kachilombo, perekaninso patapita masiku, poti odwala ambiri amafika kuchipatala mapapo atayamba kale kudzaza madzi.