Kudzijambula kanema wa audition pa foni: zoyenera kudziwa mtsikana woyamba kumene m'mafilimu

Atsikana ambiri ofuna kulowa m'mafilimu masiku ano sayamba n'kukaima pamaso pa dayilekitala. Pa audition, kutanthauza kuyesedwa ngati angayenere mbali ina m'filimu, amatumiziridwa masamba awiri kapena atatu a script (mawu olembedwa a m'filimuyo), n'kuuzidwa kuti adzijambule okha akusewera mbaliyo. Kanema wotereyu amatchedwa self-tape, ndipo anafala kwambiri kuyambira mu 2020, nthawi ya mliri wa Covid-19. Osankha anthu amaonera makanema ambirimbiri motsatizana. Akalephera kuona maso anu kapena kumva mawu anu, amangodumphira wina.

Foni igone chopingasa, pokhapokha atakuuzani zina. Ikhazikeni pa tripod (choimikira kamera cha miyendo itatu) kapena pamulu wa mabuku, kamera ilingane ndi maso anu, chifukwa ikakhala m'munsi imaonetsa chibwano ndi mphuno. Gwiritsani ntchito kamera yakumbuyo pa 1080p (mulingo wa kaonekedwe ka kanema wosankhidwa m'ma settings a kamera), chithunzi chiyambire pachifuwa n'kulekezera pamwamba pang'ono pa mutu. Wokuthandizani adine nkhope yanu pa sikirini kwa masekondi awiri kuti focus (kuoneka bwino kwa nkhope) ndi kuwala zisamasinthesinthe mukamasuntha. Ikani airplane mode kuti wina asakuimbireni mukujambula.

Khoma likhale lopanda zithunzi, lotuwa kapena labuluu, ndipo imani pafupifupi mita imodzi kuchokera pamenepo kuti chithunzithunzi chanu chisagwerepo. Zenera likhale kutsogolo kwanu. Likakhala kumbuyo, foni imayeza kuwala kwa panja, nkhope n'kuda bii. Zovala za timizere ting'onoting'ono zimanjenjemera pa kanema.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi mawu. Chipinda chopanda katundu chimabweza mawu, choncho sankhani chokhala ndi makatani, bedi kapena kapeti, ndipo zimitsani fani. Wokuwerengerani mbali ya munthu winayo aime pambali penipeni pa foni, osaoneka. Poti maikolofoni ili pafupi ndi iye, alankhule motsitsa, apo ayi azimveka ngati ndiye akufuna ntchitoyo. Muziyang'ana iyeyo. M'kamera mumayang'ana pokhapokha podzitchula dzina ndi kutalika kwanu, ngati apempha zimenezo.

Amene munazolowera zisudzo za pasiteji, apa samalani. Kusiteji mumaponya mawu kuti afike kwa wokhala kumbuyo kwenikweni, pomwe kamera ili pa mamita awiri okha ndipo imaona ngakhale kuphethira. Manja achepe, mawu atsike ngati mukucheza ndi munthu amene mwakhala naye pampando umodzi. Nthawi imene mnzanuyo akulankhula ndi imene luso limaonekera: amene akumvetseradi nkhope yake imasintha yokha, amene akungodikira kuti alankhule maso ake amauma, ndipo zimenezi sizibisika. N'chifukwa chake kuloweza mawu n'kofunika. Pepala likakhala m'manja limakokera maso pansi pa nthawi yomwe akufunika.

Jambulani katatu kapena kanayi. Mukapitirira apo mumayamba kungolakatula. Sankhani kanema mmodzi, dulani poyambira ndi pothera, fayilo ikhale mp4 yolembedwa dzina lanu ndi la mbali imene mukuyesera. Pa WhatsApp tumizani ngati document, chifukwa njira yanthawi zonse imafinya kanema mpaka nkhope kusaoneka bwino.

Wina akakuuzani kuti mulipire kaye kuti kanema wanu aonedwe, musiyeni. Agent weniweni, munthu wokupezerani ntchito, amadula gawo lake, kawirikawiri 10 mpaka 20 peresenti, pa malipiro a ntchito imene mwapeza kale.