Momwe mungasankhire controller ya makina anu osadzanong'oneza bondo

Anthu ambiri akafuna kuti makina azidziyendera okha amayamba ndi funso loti ndigule controller (kachipangizo kolamulira makina) yanji, PLC (kompyuta yolimba yoyendetsera makina a m'fakitale) kapena Arduino (kabolodi kakang'ono kamagetsi komwe mumalembamo pulogalamu nokha). Funso limenelo lizibwera kumapeto. Chomwe chimadya nthawi ndi kulemba pulogalamu, komanso kudzaisintha pakapita miyezi ingapo makina aja akayamba kufuna zina.

Choyamba tengani pepala mulembe zolowa ndi zotuluka zonse. Tiyerekeze pampu yodzaza thanki: sensa ya pansi, sensa ya pamwamba, batani loyatsa, batani lozimitsa, ndiye mota imodzi. Zolowa 4, chotuluka 1. Ngati pali choyeza kutentha kapena mphamvu ya madzi chilembeni padera, chifukwa zimenezo zimabwera ngati muyezo wa magetsi wokwera ndi kutsika (4-20 mA kapena 0-10 V) ndipo si controller iliyonse imaziwerenga.

Kenako dzifunseni moona mtima, makinawa adzasintha kangati? Apa ndi pamene pagona nkhani.

Ngati sadzasintha, ma relay (maswichi oyatsidwa ndi magetsi) ndi timer akwana, palibe pulogalamu olo mzere umodzi, nzeru zonse zili m'mawaya. Koma tsiku lomwe mudzafune kuti pampu yachiwiri iyambe pakatha masekondi 30, ndiye kumasula mawaya n'kuwamanganso. Vuto lomweli ndi limene linabala PLC, mu 1968 kampani ya General Motors inkafuna njira yosiya kusintha mawaya a ma relay nthawi iliyonse mtundu wa galimoto ukasintha, ndipo gulu la Dick Morley linapanga Modicon 084.

Pamwamba pa ma relay pali tima controller tating'ono ngati Siemens LOGO! kapena Zelio ya Schneider Electric. LOGO! imabwera ndi zolowa 8 ndi zotuluka 4, pulogalamu mumangolumikiza timabokosi pa kompyuta, ndipo ya pampu ija mutha kuimaliza masana amodzi. Ine timeneti ndimatikonda kwambiri pa ntchito zazing'ono. Chovuta n'chakuti pulogalamu ikakula timabokosi timapiringizana mpaka mwini wakenso sakuonanso mutu wake.

Ikafika pamenepo pitani ku PLC yeniyeni ngati S7-1200 ya Siemens kapena za Allen-Bradley. Kuphunzira TIA Portal kapena Studio 5000, zolembera pulogalamu ya ma PLC amenewa, si kwa tsiku limodzi ayi, mudzatuluka thukuta masabata oyamba, koma zomwe mumapeza ndi zambiri. Pali zilankhulo zomwe zili mu IEC 61131-3, ndondomeko ya padziko lonse ya kalembedwe ka pulogalamu za PLC: ladder imaoneka ngati chithunzi cha ma relay kotero wodziwa zamagetsi amaiwerenga osavutika, Structured Text ndi ya masamu ndi zobwerezabwereza, SFC ndi ya makina oyenda sitepe ndi sitepe. PLC imawerenga zolowa, kuyendetsa pulogalamu, kulemba zotuluka, n'kuyambiranso, mosalekeza, ndipo mutha kulumikiza laputopu makina akuyenda n'kumaona ndi maso kuti ndi sensa iti yomwe ikukana. Chimenechi chokha chimapulumutsa maola ambirimbiri. Dziwani chabe kuti pulogalamu ya kampani ina siingosamukira ku PLC ya kampani ina, nthawi zambiri mumailembanso.

Nanga Arduino ndi Raspberry Pi (kakompyuta kakang'ono ka pabolodi imodzi)? Ufulu ulipo wonse, C++ kapena Python, intaneti, kamera, chilichonse. Koma zonse zomwe PLC imakuchitirani mwakachetechete zimagwera inu. Batani likamanjenjemera polidina muyenera kulemba nokha zoti liwerengedwe kamodzi, pulogalamu ikaima muyenera kukhala mutakonzeratu watchdog (kolondera komwe kamaiyambitsanso), komanso Arduino Uno imayenda pa 5 V pamene masensa a m'fakitale ambiri ndi a 24 V, ndiye pakati pafunika ma optocoupler (tizipangizo tolekanitsa magetsi a mbali ziwirizi) ndi chitetezo ku phokoso la magetsi lochokera ku mota. Raspberry Pi nayo ili ndi Linux yomwe silonjeza kuti iyankha pa nthawi yeniyeni. Kuyamba kumaoneka kophweka, kuti zikhazikike ndiye ntchito. Makina a mamota ambiri oyendera limodzi ndi data yochuluka amafuna za pa kompyuta ngati TwinCAT ya Beckhoff, zimenezo ndi za wolemba mapulogalamu wokhwima.

Sitepe yachitatu anthu amaidumpha: adzakonze ndani makinawa inu kulibe? Ngati ndi munthu wa zamagetsi, ladder adzaimva, koma mizere 800 ya C++ yopanda ndemanga adzangoiyang'ana makina ali chiimire.

Musanagule yesani kaye. Zolembera pulogalamu ngati LOGO! Soft Comfort ndi CODESYS zili ndi simulation (kuyesera pa kompyuta popanda makina), ina yotchedwa OpenPLC ndi yaulere. Lembani kagawo kamodzi ka ntchito yanu, kakayenda kasintheni dala, onjezani pampu yachiwiri ndi alamu, muone kuti kusinthako kwakutengerani nthawi yaitali bwanji pa iliyonse. Nthawi imeneyo ndi yomwe muyerekeze, osati ya kulemba koyamba.

Mukasankha, siyani zolowa ndi zotuluka zingapo zopanda ntchito, onaninso ngati ili ndi Modbus kapena Ethernet kuti idzathe kulankhula ndi zida zina. Ndipo chonde, batani lofiira loimitsa makina pangozi lisadalire pulogalamu yanu, lidutse pa safety relay (relay yapadera yachitetezo) n'kudula mphamvu ya mota mwachindunji, kaya mwasankha controller iti.